Phini ya Mfumukazi

"Mwati anaifukula kuti?" Dinnah anafunsa mwamuna wake, dzanja lili pa phini yasiliva imene mwamunayo anali atangoibaya pa bulawuzi yopitira kutchalitchi ku Aston.

"Ku manda a Apikiti, anthu akale a ku Scotland," Ellard anayankha monyadira. "Yagona zaka zankhaninkhani pachifuwa cha mfumukazi."

Dinnah anaizula ngati yamuotcha, n'kuiponya pakapeti.

"Bambo a Fiona, kwathu ngakhale khasu lokumbira manda sililowa m'nyumba lisanatsukidwe! Inu mukundiveka za mtembo pachifuwa chimene ndikuyamwitsira mwana?"

Anathamangira kubafa, bulawuzi n'kuitaya mubini. Anadzikwecha ndi Dettol mpaka khungu kuwawa.

Ellard anagogoda chitseko pang'onopang'ono.

"Mayi, mtima pansi. Ndimangokometsa nkhani. Ndagula mushopu ya kumyuziyamu, zangoti mbwee mubasiketi. Azipanga chaka chomwe chino. Sinayandikirepo maliro."

Madzi anasiya kutuluka. Chitseko chinatseguka, ndipo Dinnah anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, atakwinya mphuno.

"Ndiye pa anivesale ya ukwati wathu mwandigulira feki?"