Masheleni Awiri a Sopo

Flora anali ataluka kufika pakati pa mutu pamene Edina anafunsa mtengo.

"Sikisi, monga mwa masiku onse," anayankha Flora, ulusi wakuda uli pakamwa.

"Sikisi basi?"

"Basi."

Edina anasekera m'mphuno. Anali atakhala pamphasa, pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Katete, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Fort Jameson. Linali Loweruka m'mawa, mwezi wa Okutobala, chaka cha 1958, ndipo malata anali atayamba kale kulira ndi dzuwa. Flora ankaluka tsitsi pakhondepo chibwerere kumigodi, kumene anaika mwamuna wake. Amayi ena awiri ankadikira atatsamira chipupa.

Edina anali mkazi wa Bonface, kapitao wa anthu okonza msewu. Dzulo lake kuchitsime mnzake wina anamunong'oneza nkhani. Akuti Loweruka lililonse, Edina akangochoka pakhondepo, Bonface amafika panjinga, amaitanira Flora kuseri kwa sitolo, nkumupatsa masheleni awiri.

Atamufunsa kunyumba, Bonface anayang'ana pansi. "Ndi ya sopo chabe. Kutauni amatero, munthu akagwira bwino ntchito umamuonjezerako." Atatero anakapopa njinga imene inali yopopa kale.

Sopo wanji wa masheleni awiri? Edina mbasela ankaidziwa. Amapereka ndi wogulitsa, kamtedza pang'ono pamwamba pa mbale. Wogula akafuna kuthokoza amasiya kobiri, ikachuluka tiki ya makobiri atatu. Koma ntchito ya sikisi, theka la sheleni, kuilipira kanayi, mwamuna sangatero chifukwa cha tsitsi.

Zina zonse zinayamba kulumikizana. Kale ankamuluka msuweni wake, mwaulere. Bonface ndiye analetsa, nati mkazi wa kapitao azipita kwa Flora yekha. Miyezi itatu tsopano ankagona atayang'ana kukhoma. Anamugulira maduku awiri atsopano popanda kupemphedwa, ndipo mphatso ya mwamuna wolakwa Edina ankaidziwa fungo lake. Nayenso Flora, akamaliza kumuluka, ankasamba m'manja nthawi yaitali ngati wagwira nyansi. Mwano wa mkazi amene akudziwa kuti wapambana.

"Lero ya sopo mulandira kwa ine," anatero Edina. Anamasula mfundo ya pansalu, natulutsa kobiri limodzi, naliponya pafumbi. "Tolani. Ndiyo yoyenera ntchito yanu."

Flora sanaliyang'ane. Anapatula tsitsi lina nayamba kulikulunga ulusi.

"Kapena lachepa? Munazolowera za amuna a eni?"

Amayi aja anasiya kucheza.

"Mayi, tikambirane kuseri," anatero Flora motsitsa mawu.

"Kuseri ndi kwanu ndi a Bonface. Ine ndimayankhula poyera." Edina anatembenukira kwa amayiwo. "Inu mukudikira apa, amuna anu muwawerenge. Uyu kumigodi sanaphunzireko kuluka kokha."

"Khalani bwino, mzere upotoka."

"Upotoke. Mawa ndikupita kwa ankhoswe, ndipo dzina lanu likatchulidwa pamaso pa anthu. Tione ngati Mmwenye adzakusungani pakhonde pake."

Mmodzi wa amayi aja anaimirira, nakutumula nsalu yake, nati akaona kaye kumsika. Mnzake anamutsatira. Flora anawayang'ana akuoloka msewu. Anali makasitomala ake a mlungu uliwonse, ndipo ankadziwa kuti nkhaniyi ifika ku Sinda dzuwa lisanapendeke. Kunyumba anali ndi ana atatu, munda analibe.

Zala za Flora zinaima.

"Mwandichotsera anthu," anatero.

"Ndangoyamba."

"Ndinalonjeza amuna anu kuti sindidzanena."

"Ndiye mwavomera." Edina anamva mkwiyo utasakanikirana ndi kukoma kwa kupambana. "Nenani zonse. Munayamba liti?"

Flora anasolola kanthu pansalu yake. Anaweramitsa mutu wa Edina ndi dzanja lamanzere, mwamphamvu kuposa mmene amachitira poluka. Edina ankangoona fumbi ndi mapazi ake. Lole inadutsa mumsewu, nkusiya utsi.

"Mwamva kanthu?" anafunsa Flora.

"Ndimve chiyani?"

"Nanga apa?"

"Musandichedwetse. Ndakufunsani funso."

Flora anazungulira nkugwada patsogolo pake. Pakati pa zala anali ndi singano, kunsonga kwake kuli kadontho ka magazi.

"Ndakubayani katatu pankhongo, simunagwedezeke. Pali banga lotuwa pamenepo, likukula. Ndi khate, mayi. Amuna anu amandilipira kuti ndiziluka moliphimba ndi kutseka pakamwa, kuopa kuti aboma angakutengereni kumudzi wa akhate nkusiya ana anu."