Kusala kwa Mwiche

Komboni yonse ya Chawama inkanong'onezana kuti Mwiche, mtsikana wa giredi naini uja, ali ndi kaliondeonde. Bodza! Magazi ake anapezeka abwinobwino.

"Mwana wanu akuopa chakudya, ni matenda amenewa," anesi anauza ba Edna, amayi ake. "Muzidya naye pamodzi banja lonse, osamusiya yekha. Mtima wake wafooka kale."

Mwiche anayambadi kumeza phala pang'onopang'ono, misozi ili mbwembwembwe.

Lamlungu, abusa a tchalitchi chawo chatsopano cha m'tenti analengeza kusala kudya mwezi wathunthu.

"Onani Mwiche!" anafuula abusa. "Anayamba kalekale, ise tikali pa vitumbuwa!"

Anthu anaomba m'manja. Ba Edna anamwetulira monyadira. Koma Mwiche ndiye anamwetulira kuposa onse.

Inu mukuti mawa amukakamiza ndani kudya?