Dzimbiri la Mayi Nagwa

Panali munthu wina kwathu kuno ku Alexandria, dzina lake Medhat, munthu waphuma kwabasi. Tiyi ankamwa ali chiimire, ndipo lilime lake linkakhala lopsa chaka chonse. Nkhaniyi anandiuza ndi mnansi wake, ndipo akuti inachitikadi.

Apongozi ake, a Fikry, anapuma pa ntchito ya njanji koma sitima sanazisiye. Ankagula timabogi takale ta katundu, tija tokwana m'dzanja, n'kumatikonza. Mabogi enieni a katundu sanyezimira, choncho odziwa ntchitoyi amatipaka dala dzimbiri labodza ndi fumbi la choko kuti tizioneka ngati tayendadi maulendo. Pa luso limenelo panalibe wofanana ndi akazi awo, mayi Nagwa. Mayiwo anamwalira, ndipo pa timabogi tonse timene anapaka, m'nyumbamo munatsala kamodzi kokha.

Kenako maso a bambowo anachita ng'ala. Tsiku lopita ku opaleshoni anaitana mkamwini wawoyo, yemwe nayenso anali atangoyamba kumene kukonza timabogi.

"Kawilo aka kakugwedera," anatero, akumupatsa kabogi kotsala kaja. "Konza kawilo kokha, mwana wanga. Thupi lake usalikhudze. Akadzandimasula m'masomu ndikufuna ndidzayambe kuona dzanja la Nagwa."

"Osadandaula, bambo. Ndine katswiri tsopano."

"Katswiri wa dzulodzuloli?" anaseka Sawsan, mkazi wa Medhat. "Bambo, munthu uyu amathyola buledi akadali mu uvuni."

Kawiloko Medhat anakonza tsiku lomwelo. Akanasiyira pomwepo, bwenzi nkhaniyi palibe. Koma ataona chala chake, chinali ndi kafumbi kofiirira. Mtima unayamba kumuvuta. Anakhala pansi, anadzuka, anapita pakhonde, anabwerako. Kenako anaganiza zoti akapopere vanishi kuti fumbilo lisamachoke, apongozi akabwera adzamutame.

Anathamangira kusitolo ya a Raafat, ogulitsa penti ndi maburashi.

"Lero?" anafunsa a Raafat. "Taona kunjaku, mphwanga. Zovala sizikuuma pachingwe. Ukapopera vanishi kuli chinyezi chotere amayera kuti mbee. Dikira mphepo isinthe, ndiye uyambe wayesa kunsi kwa kabogiko."

"Ndiye ndizidikira mphepo ngati msodzi? Ndipatseni chitinicho."

"Wallahi, Mulungu ndi mboni, ndakuuza. Usadzabwere kudzandilirira pano."

Atafika kunyumba sanavule n'komwe nsapato. Anaika kabogiko pakhonde n'kupopera. Poyamba kananyezimira bwino, iye mpaka anaimba likhweru. Kenako denga linayamba kuyera, m'mbali namo, mpaka konse kanaoneka ngati kagwera mu ufa.

Mutu unamuima. Anapoperanso, akumati mwina vanishi wachiwiri asungunula woyamba. Zinaipiraipira. Anatenga thonje ndi mankhwala ochotsera penti n'kuyamba kupukuta. Kuyerako kunachokadi, koma kunachokera limodzi ndi dzimbiri, fumbi, ndi tizilembo tonse. M'manja mwake munatsala kabokosi kapulasitiki kopanda kalikonse.

Sawsan atalowa anangogwira pakamwa.

"Medhat, wapanga chiyani? Amayi anga aja!"

"Ndikonza, ndikonza. Usawauze."

"Ukonza ndi dzanja la ndani? Pita kuchipatala ukawauze zoona."

Iye anakana. Masiku otsalawo sanadye bwino, sanagone bwino. Ankapaka n'kufufuta, kupakanso n'kufufutanso, akuzungulirazungulira tebulo. Ankayesa kukumbukira mmene kanalili, koma chomvetsa chisoni n'chakuti sanakayang'anepo mofatsa ngakhale tsiku limodzi. Pomaliza kanakhala ndi dzimbiri lambiri ndithu, loti munthu wodutsa akanangoti zili bwino.

A Fikry anabwerako maso akuona. Sanafunse tiyi, sanafunse chakudya.

"Kali kuti?"

Medhat anakapereka. Bambowo anapita nako pazenera. Anazunguza kawilo ndi chala.

"Kawilo wakonza bwino," anatero.

Kenako anakatembenuza uku ndi uku kwa nthawi yaitali. Medhat anayamba kulankhula za nyengo, za madokotala, za kudzadza kwa mabasi.

"Dzanja ili ndi lako?" anafunsa bambowo motsitsa mawu.

Apo Medhat anagwada n'kuulula zonse, vanishi, chinyezi, thonje. Ankayembekeza kukalipiridwa, ndipo akanakonda kuti amukalipire. Koma a Fikry sanakweze mawu. Misozi inangotsika m'maso atsopano aja, ndipo Sawsan anathamangira kukaipukuta poopa kuti iwononga bala.

"Ndinalola mpeni wa dokotala chifukwa cha chinthu chimodzi," anatero bambowo. "Dokotalayo maso wandibwezera, koma chimene ndinkafuna kuona wachipukuta ndiwe."

Anatambasula dzanja n'kumupatsa kabogiko.

"Tenga. Nagwa mulibemo. Ndi kako tsopano."

Phunziro: Munthu akakupatsa chinthu chake n'kukuuza pamene uyenera kulekezera, lekezera pomwepo. Chimene iwe ukuchiona ngati fumbi, kwa mwini wake mwina ndi chokhacho chimene chinamutsalira kwa wokondedwa wake. Ndipo ukalakwitsa, ulula msanga, chifukwa kuphimba kumangowonjezera bala. Tumizani nkhaniyi kwa achibale ndi anzanu, makamaka aja manja awo sakhazikika.