Satifiketi Yatha, Alamu

"Satifiketi ya chitetezo yatha, alamu," anatero mng'ono wawo wa malemu amuna anga. "Achimwene ankagula kuti?"

Sindinkadziwa. Za webusaiti ya shopu yathu ya madiresi aukwati ankapanga okha, ine ndili pamakina osokera. Tsopano aliyense woitsegula ankakumana ndi chenjezo lofiira lakuti si yotetezeka, moti mayi wina anali atabweza kale oda ya mwana wake.

Pakompyuta panali makampani atatu ogulitsa masatifiketiwo, iliyonse ikulumbira kuti yodalirika ndi iyoyo.

"Tandisankhirani inuyo, alamu," ndinatero.

"Ikanakhala mipope bwenzi nditamaliza kale. Izi ndingakunamizeni," anayankha alamu angawo, omwe ntchito yawo ndi yokonza mipope ya madzi.

Ndinacheukira kumpando wa bambo a kunyumba kuti ndiwafunse. Panali mulu wa nsalu zoyera.