Mizere ya M'mbali mwa Msewu

Masiku ano chimanga sichilowa m'chigayo chisanapimidwe. Pakhomo pali makina onunkhiza thumba lililonse. Nyali yake ikayaka yobiriwira, gayitsani. Ikafiira, ndiye kuti chimangacho chinayamwa mtovu wa m'nthaka, ndipo thumba limatsala pomwepo.

Nangondo anafika ndi matumba awiri pangolo, amuna ake a Gwaza ali patsogolo ngati eni chigayo. Loweruka la sabata yomweyo kunali chinkhoswe cha mwana wawo Tiyese, ndipo thobwa linkadikira ufa umenewu.

Thumba loyamba, nyali psuu!

"Makinawa afa," anatero a Gwaza. "Mankhwala oteteza mbewu aja ndinapopera ndekha."

"Munapoperadi, bambo a Tiyese," anayankha Nangondo. "Koma munapopera pati?"

Nangondo ankawadziwa bwino amuna akewo. Kale feteleza akachepa, a Gwaza ankathira mizere ya m'mbali mwa msewu yokha kuti odutsa aziti pano pali mlimi. Mankhwala a alangizi, amene amabiriwitsa chimanga n'kuchiletsa kuyamwa mtovu, anachita nawo chimodzimodzi: kumsewu mobwerezabwereza, kumunsi kwa munda osapondako n'komwe. N'chifukwa chake pokolola Nangondo anapatula chimanga cha kumsewu mwakachetechete n'kuchisunga pachokha.

Thumba lachiwiri, la chimanga cha kumsewu chija, nyali biriwiri!

A Gwaza anakonza kolala. "Mwaona? Ulimi wake ndi umenewo."

"Eya, odutsa mwawalimira, amwa thobwa Loweruka," anatero Nangondo akusenza thumbalo. "Nanga ife a m'nyumba, chaka chonsechi tizidya kuyamikira kwawoko?"