Dalaivala amene ananamiza magazi ake

Panali bambo wina ku Amarillo, m'dziko la America, dzina lake Rogelio Cavazos, woyendetsa thiraki yonyamula ng'ombe. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi, ndipo ine ikundisowetsa mtendere.

Rogelio anali ndi mwana mmodzi yekha, Yesenia, wa zaka zisanu ndi zinayi, yemwe anabadwa ndi chiwindi chodwala. Madokotala ananena kuti pasanathe zaka ziwiri mwanayo adzafunika chidutswa cha chiwindi cha munthu wina. Magazi a mayi ake, Noemi, sanagwirizane ndi ake. A bambo ake ndiwo anagwirizana.

Koma Rogelio anali chimunthu, wolemera mapaundi 370, pafupifupi makilogalamu 170. Dokotala Whitlock atamuyeza anamuuza kuti chiwindi chake chakutidwa ndi mafuta, ndipo magazi akusonyeza kuti m'kati muli kutupa. Chiwindi chotero sangachiike mwa mwana. Anamulangiza kuti asiye zakumwa zotsekemera za soda, achepetse zokazinga, aziyenda pansi tsiku lililonse, azibweranso kudzayezetsa miyezi itatu iliyonse.

"Chiwindi changa ine? Mowa sindinaulawepo, adokotala."

"Si mowa wokha, bambo Cavazos. Shuga nayenso amachiwononga, ndipo sichipweteka mpaka madzi atafika m'khosi."

Mwezi woyamba anayesetsa ndithu. Koma munthu wakhala pachiwongolero maola khumi ndi limodzi, paliponse poimira mathiraki pakungonunkhira nyama yootcha, mukuti angatani? Anayambiranso. Akaganiza za tsiku loyezetsa, mtima unkangoti phaa.

Tsiku lina akuthira dizilo anadandaulira dalaivala wina, Lonnie, munthu woti angokumana naye pomwepo. Lonnie anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, zaka zonsezi pamsewu sudziwa kudutsa pasikelo? Katundu amamupepukitsa sikelo ikayandikira."

Anamuuza kuti azisala kudya masiku anayi asanapite kuchipatala, azimwa mapiritsi okodzetsa ndi ena oletsa kutupa, manambala atsika okha.

Anatsikadi pang'ono. Dokotala anati ayesetsebe, njira ndi yomweyo. Noemi analira ndi chimwemwe, Rogelio akungoyang'ana pansi. Katatu konse anachita zomwezo, akudziuza kuti mwezi wamawa ayamba zenizeni. Mwezi wamawa uja, abale, sunafike.

Mu Ogasiti maso a Yesenia anasanduka achikasu, mimba inatupa, ndipo anamugoneka m'chipatala. Madokotala anati nthawi yakwana. Analowetsa Rogelio m'makina ojambula, kenako anatapa kachidutswa ka chiwindi chake kukakaunika. Apa kusala kudya sikukanathandiza kanthu, ndipo iye ankadziwa. Zotsatira anazidikira masiku atatu.

Dokotala Whitlock anaitana onse awiri. Mafuta anali atachuluka kuposa chaka chatha, chiwindi chitayamba zipsera. Atamufunsa modekha chimene chinachitika, Rogelio anaulula zonse. Noemi sanakuwe. Anangomukumbutsa kuti ku Laredo kunali azisuweni awiri amene ankafuna kuyezetsa kuti apereke chiwindi, koma Rogelio anawaletsa poti bambo wa mwana analipo. Tsopano mmodzi ndi woyembekezera, wina anasamukira kutali ndi ntchito ya usilikali.

"Bambo a Yesenia, mwatidyera chaka chathunthu."

Mwanayo anamulemba pamndandanda wa odikira chiwindi cha munthu womwalira, mndandanda wautali woti ena amafa asanafikiridwe. Rogelio anaima nthawi yaitali pakhomo la chipinda chake asanalowe. Yesenia atamuona anadzuka movutikira, akumwetulira.

"Adadi, ndawauza anesi kuti bedi lanu aliike apa pafupi ndi langa. Opaleshoni yathu atichita liti?"

Rogelio anakhala pansi nagwira kadzanja kachikasuko. Pamene ndikulemba pano, mwanayo akudikirabe.

Phunziro: Chiwindi chimadwala mwakachetechete, ngakhale mwa munthu wosamwa mowa. Ukanamiza dokotala, matenda sunawanamize, ndipo wovutika nalo bodzalo akhoza kukhala amene umamukonda kwambiri. Ngati zikukukanikani, nenani zoona nthawi ikadalipo. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa m'bale wanu amene akuzengereza kukayezetsa.