Chibangiri Chikafiira Sagwada

M'mudzi mwathu aliyense wochira chifuwa chachikulu amavala chibangiri cha kuchipatala. Chikafiira, ndiye kuti asilikali a m'thupi, aja anazolowera kulimbana ndi tizilombo, atembenukira mwini thupi. Wotero amatupa mawondo, ndipo saloledwa kugwada mpaka chiyerenso.

Cha mkazi wanga Nasimango chinafiira tsiku lomwe bambo anga anabwera kudzationa. Mawondo a Nasimango anali atatupa ngati mapapaya. Iye anabisa mkono m'chitenje, natunga madzi akumwa, nayamba kupinda bondo ataluma mlomo.

"Iyayi mayi, imani pomwepo," anatero bambo. "Ndachiona."

"Ndipereke madzi kwa apongozi ndili chilili? Anthu adzati ndinaleredwa kuti?"

"Asilikali anuwo sakudziwa kuti nkhondo inatha. Musawapute."

Nasimango sanasunthe, kapu ili m'manja mwake. Bambo anadzuka pampando, nakwera pakhonde. Ataona kuti sikunakwane, anaponda pa njerwa ziwiri, akudzandira, atagwirira mzati.

"Onani, tsopano muli pansi panga. Bweretsani madziwo."

Njerwazo zikadali pomwepo. Nasimango amazisesa m'mawa uliwonse.